Maola Awiri a Lachinayi

Ruth anakhala pabenchi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, manja ali pamiyendo. Amayi busa, amene anamuitanitsa m'mawa womwewo, ankatsegula kaundula wa Chigwirizano cha amayi pang'onopang'ono, osamuyang'ana. Ruth ankaudziwa mlandu wake. Ankamudziwanso amene anamuneneza: mlamu wake Idah, mlongo wa mwamuna wake.

Zonse zinayamba mu Epulo, nthawi yosankha fodya. Tsiku lina Ruth anamva chizungulire m'chigafa, nagwa chafufumimba, khanda lili kumsana. Kuchipatala cha Kabudula namwino anamuyeza kawiri, napukusa mutu.

"BP yanu yakwera kwambiri, mayi. Ana asanu, fodya, mtedza, kumjigo. Kodi inuyo mumapuma liti? Pezani ngakhale maola awiri pa sabata oti mungokhala. Mukatisiya, anawa awalera ndani?"

Atakafotokoza kunyumba, mwamuna wake Obadiya anaseka. "Amayi anga anabereka ana khumi, sindinawaonepo akupuma masana. Fodya sadikira BP."

Ruth anali pachitengwa, kutali ndi kwawo ku Nambuma. Pamudzipo aliyense anali mbale wa Obadiya. Woti amudandaulire anali mmodzi yekha, Evelyn, telala wa pamsika wa Nsaru, mnzake wa m'Chigwirizano. Evelyn anamvetsera mpaka misozi inalengeza m'maso.

"Iwe, ukufuna kufera mtedza? Lachinayi uzivala yunifolomu ngati ukupita ku Chigwirizano, koma uzikhotera kwathu kuno. Kwa amayi busa ndizikakupepesera ine."

Ndi mmene zinakhalira kwa miyezi inayi. Evelyn ankamufunditsira madzi oviikamo mapazi, n'kumuikira tiyi wa mandimu ndi mafuta odzola pafupi ndi mphasa. Akatero ankavala bulauzi yake yoyera, n'kutuluka, n'kukhoma loko kunja kuti osoketsa zovala aziona ngati mulibe munthu. Ruth ankagona tulo tomwe anali atatiiwala chibadwire mwana wake woyamba, Takondwa. Mutu unasiya kuwawa. Mapazi anaphwa. Atabwerera kuchipatala, namwino uja anamuyamika.

Chomwe chinkamuvuta chinali chikumbumtima. Masiku amenewo Obadiya anali atafewa. Likafika Lachinayi ankachita kumukumbutsa yekha: "Amake Takondwa, siyani zimenezo, muchedwa kumapemphero." Ruth ankatuluka ndi Baibulo m'manja, manyazi ali tho. Kunamiza munthu amene wayamba kukuganizira!

Tsono Lachinayi lapitalo, Evelyn atangotsegula loko, Ruth anatuluka akukonza duku, n'kuona Idah ataima tsidya la msewu ndi dengu la tomato pamutu. Anayang'anizana. Idah sanapereke moni. Anangotembenuka, napita. Kuyambira tsiku limenelo ankamuzemba. Akakumana kumjigo ankayang'ana pansi. Ndipo dzulo anthu anamuona akulowa kunyumba ya abusa.

Pabenchipo Ruth ankangoganiza za zimenezi. Idah yemweyo! Pamene Idah anachira movutikira chaka chatha, anamugonera kuchipatala ndani? Anachapa matewera milungu itatu ndani, abale ake enieni ali kumunda? Pamene mwamuna wake anamuthamangitsa, anamugawira chipinda ndi chitenje ndani? Lero wathamangira kwa abusa chifukwa cha maola awiri. Akanabwera n'kumufunsa pamaso, Ruth akanamuuza zonse. Koma ayi, magazi ndi magazi. Mtengwa ndi mlendo ngakhale atachapa matewera a mudzi wonse.

Amayi busa anatsokomola. "Amake Takondwa, dzina lanu lilibe chizindikiro chiyambire Meyi."

"Ndikudziwa, amayi." Ruth atayamba kulankhula sanathenso kuima. "Sindikana. Ndimapita kwa Evelyn. Kulibe mwamuna kumeneko, kulibe mowa. Ndimakagona basi. Achipatala anati ndikapanda kupuma ndifa, ndiye ndikanatani? Kunyumba ukangokhala pansi, wina akufuna madzi, wina phala, wina malaya. Ngati kugona ndi tchimo, ndilangeni. Koma alamu anga akanayamba afunsa ine asanabwere kuno. Ndinawayesa m'bale wanga."

Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Chimodzi chokha ndikupempha. Evelyn musamuimbe mlandu. Iye anangondimvera chisoni. Zonse zimene wakhala akukuuzani pondipepesera, ndinamutuma ndine."

Amayi busa anakweza maso n'kumuyang'ana. Kenaka anatembenuza kaundula uja kuti Ruth aone, naloza mzere wina m'munsi mwa dzina lake. Nawonso unali wopanda chizindikiro.

"Evelyn sanapondemo muno chiyambire Meyi, mwananga. Sanakupepesereni ngakhale kamodzi."

Ruth anayang'ana mzerewo, osamvetsa.

"Idah anabweradi, akulira, koma sanabwere kudzaneneza inu. Akuti zamukanika kukuuzani yekha. Wakhala akumuona Evelyn Lachinayi lililonse akulowa m'nyumba mwanu, amuna anu atatumiza kale ana kudimba. Chomwe sankadziwa n'chakuti inuyo mumakhala muli kuti."