Mzere Woyamba ndi Womaliza

"Amayi a Kenan, kalata ya mwana wa ku China uja munaiwerenga yonse?" anafunsa Bizwick. Foni ya mkazi wake inali italira, ndipo anaitenga iye poti Ida anali pachiwongolero mumsewu wa Lafayette Road.

"Ndinaripulaya kale dzulo," anayankha Ida.

Kwa chaka chathunthu Ida ankaphunzitsa Shuyi, mtsikana wa ku Chinayo, kuwerenga Chingerezi pa intaneti, pokonzekera mayeso olowera kuyunivesite kwawo. Njira yake inali yomwe ija iye anakhozera nayo Fomu 4: usataye nthawi ndi ndime yonse, werenga mzere woyamba ndi womaliza, zapakati n'zokometsera chabe.

Kalatayo inafika Ida akuthamangira kushifiti. Inayamba ndi "Mayeso atha," n'kumaliza ndi "Zikomo aphunzitsi." Ida analemba kuti wanyadira kwambiri, Shuyi akondwere limodzi ndi mayi ake, n'kuikapo tizithunzi ta mabaluni.

"Taimikani kaye galimoto," anatero Bizwick.

Ida ataima pambali, mwamuna wake anamuwerengera zapakati zija. Mayi a Shuyi anamwalira kutatsala masiku awiri kuti mayeso ayambe. Mtsikanayo anapitabe kukalemba, koma pepala la Chingerezi analibweza loyera.

Ida anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye mabaluni aja?"

"Wayankha tsopano lino," anatero Bizwick, chamunsimunsi. "Akuti, 'Musadandaule aphunzitsi. Ndikudziwa kuti munawerenga mzere woyamba ndi womaliza, monga munandiphunzitsira.'"