Tiana Tabuluu ta Olipa

"Ndi tokongola," anatero Felesta ataweramira m'khola. Mwayi wake, masiki anabisa mmene milomo inapindikira.

Tiana ta khoswe tinaunjikana pamimba pa mayi wawo. Tambiri tinali takuda. Tiwiri tokha tinali totuwa ngati phulusa la makala, mtundu umene oweta makoswe amautcha wabuluu. Mtundu umenewu Felesta anausakasaka chiyambire mliri, osaupeza. Lero ndi uwu, m'chipinda chochapiramo zovala cha Olipa ku Ellenbrook, mumzinda wa Perth. Olipa yemweyu, amene mpaka posachedwapa ankakuwa akangoona mchira wa khoswe!

Nsanje inamugwira Felesta.

Felesta anayamba kuweta makoswe m'galaja mwake ku Maddington pamene mapemphero ndi maulendo zinaima. Amalawi anzake anamuseka mpaka kugwira nthiti: kumudzi khoswe timamutchera msampha, kuno akugulidwira chakudya cha m'paketi. Iye sanasamale. Analowa gulu la oweta pa intaneti n'kuloweza malamulo ngati Atate Wathu. Ana aamuna ndi aakazi amalekanitsidwa akangokwana milungu isanu. Bere ndi la milungu itatu. Ubweya wabuluu umabisala m'magazi, ndipo sutuluka pokhapokha mayi ndi bambo onse ali nawo. Malamulowo ankawadziwa ndithu, kungoti miyezi yapitayi mashifiti a kunyumba yosamalirako okalamba ankamubweza maso ali psuu, osakumbuka n'komwe kuti lero n'lachingati.

Chimene chinkamusowa chinali khoswe wamwamuna wabuluu. Woweta wina wa ku Melbourne anali naye, koma malire a pakati pa Melbourne ndi Perth anali otseka chifukwa cha mliri. Amuna ake, a Zikani, ankagwira ntchito kudepoti ku Kewdale, kumene mathiraki ochokera kum'mawa ankafikabe. Anawachonderera kuti anong'oneze dalaivala mmodzi. Iwo anakanitsitsa kwa mtu wa galu: aike ntchito ndi viza pachiswe chifukwa cha khoswe?

Ndiye makoswe ake anangopitiriza kuswa akuda okhaokha, mpaka anatopa nawo. Pa ana omaliza anatsala awiri osowa owatenga. Wamkazi anamupatsa Olipa mwezi watha, poti mnzake wa kutchalitchiyu ankakhala yekha ndipo ankadandaula kuti nyumba yazizira. Wamwamunayo anapita naye kwa dokotala wa ziweto sabata yatha kukamufula, kuti asamuchulukitsire makala m'galaja.

Tsopano wamkazi wotayidwa uja ndi uyu, akuyamwitsa tiana tabuluu. Ndiye kuti mtunduwo anali nawo m'magazi nthawi yonseyi. Zimenezo zinamupweteka, koma sizinali zokhazo. Nanga bambo wake wa tianati anachokera kuti? Oweta a mu Perth amadziwana ngati azimayi a mvano, ndipo palibe amene anamvapo kuti ali ndi wabuluu wobwereketsa. Khosweyo anachita kudumpha malire. Ndipo ndani ali ndi anzake a mathiraki? Ndani ananyamula khola lino kulibweretsa kuno, n'kubwerera kunyumba mochedwa, atakhuta kale, akuimba kamluzu?

Zimene anakanizidwa mkazi wa m'nyumba anachitiridwa Olipa. Mwamuna saika ntchito pachiswe chifukwa cha khoswe, n'zoona. Amaiika pachiswe chifukwa cha mwini khoswe.

"Ndithire tiyi, asisi?" anafunsa Olipa ali pakhomo, nkhope ili mwee.

Felesta anasuzumira kuseri kwa makina ochapira. Anatsegula kabati ya sopo. Anavundukula dengu la zovala, mwina n'kupezamonso shati yodziwika.

"Mwataya chiyani, asisi?"

"Ali kuti?"

"Ndani?"

Felesta anatsitsa masiki kuti mawu atuluke bwino. "Khoswe wamwamuna amene anakubweretserani alamu anu. Musandione ngati mwana ine. Ndinakupatsani khoswe chifukwa cha chifundo, inu n'kuona kuti sizikukwana, mwatengeratu ndi amuna anga omwe. Muzichita manyazi, Olipa. Mwezi wonsewu mumandipatsa moni kutchalitchi muli ndi zimenezi kumtima?"

Mawu ali ngati madzi, akatayika saoleka. Olipa anagwira chitseko, kumwetulira konse kutathawa. Kenako anatola kabokosi koboola timabowo kamene kanali pamwamba pa makina ochapira, koyalidwa bwino nsalu mkati, n'kukaponya m'bini.

"Alamu anabwera kamodzi, kudzamanga khola. Ndipo muno simunalowepo khoswe wamwamuna chibadwire," anatero Olipa. "Ameneyu anaswa pasanathe milungu iwiri chimubweretsereni. Anabwera ndi bere kuchokera kwanu. Kabokosi ako ndinakonza kuti tikasiya kuyamwa mudzatengeremo tabuluuto, poti ndimati ndi tanu."

Felesta anakhala pa dengu la zovala. M'galaja mwake, khoswe wamkaziyu ankagona khola limodzi ndi wamwamuna mmodzi yekha, amene iye anachedwa kumuchotsa: mlongo wake wakuda uja, bambo wa tiana tabuluuto, wofulidwa sabata yatha.