Makutu ndi Nthiti

Mbama yoyamba inamupeza Luckson asanatsike n'komwe pa kabaza. Foni yake inagwera m'ngalande.

"Bwereza zimene umanena pafoni zija," anatero wakabazayo, atamugwira pakhosi pakati pa msika wa Chinamwali. "Anthuni, ndamumva ndekha. Akuti khutu limodzi lathyoka, koma nthiti zonse zili m'chikwamamu."

Azimayi a tomato anasiya malonda. Wina anali atatola kale njerwa.

"Ndi chigoba chabe, achimwene," anatero Luckson, magazi akuchucha m'mphuno. "Ndimaphunzira za miyala ku yunivesite. Ndimauza aphunzitsi anga."

Anthu anamung'ambira chikwama. Bambo wina wa imvi, wogulitsa makala, anafunyulula thonje limene linali m'menemo. Munatuluka chigoba chotuwa, chotambasuka ngati chikhatho, cholemera ngati mwala.

"Ndi nkhono ya m'nyanja ya mchere, mtundu wake unatha kalekale," Luckson analankhula mofulumira. "Mizereyo timaitcha nthiti, ndiyo timasiyanitsira mitundu. Timapiko tiwiri ta kutsindeto ndiye makutu."

Bamboyo anachitembenuza, nachiyang'anitsitsa. Mtima wa Luckson unayamba kukhala pansi.

"Nkhono ya makutu," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Ndiye kuti ikutimva."

Anachiponya pansi ngati chamuotcha, ndipo chidendene cha wina chinachiphwanya. Luckson sanathawe. Anagwada n'kuyamba kutola tizidutswa m'fumbi, akufunafuna khutu lotsala lija.

Njerwa ija inamupeza ali chogwada.