Wotchi Yagolide pa Mkono wa Lufina

"Tayesani iyi, amake Tawina," anatero Silvester, akumangirira mkazi wake wotchi yagolide pamkono.

Lufina anaiyang'ana ikunyezimira pakhungu lake lokakala ndi ntchito yokumba kachewere ku Biriwiri. Mwini sitolo ya pa Ntcheu Bomayo anati yachokera ku Joni, ndipo ndiyo yodula kuposa zonse.

Mwana wawo Tawina anali woti alandira digiri Loweruka. Zaka zinayi zonse bambo ake sanamuimbirepo ndi foni yomwe, choncho misozi inalengeza m'maso mwa Lufina poona kuti lero amukumbukira.

"Ndi yomweyi, abambo," anatero Lufina. "Koma lamba wachepa. Tawina mkono wake ndi waukulu ngati wangawu."

"Lambayo ali bwino," Silvester anauza mwini sitolo. "Ikulungeni, pakhadi mulembepo kuti Sellina."

Sellina anali mnzake wa Tawina wogona naye chipinda chimodzi kukoleji. Lufina ankati akamatumiza ufa kwa mwana wake, amaikamo ndi wa mtsikanayo.

"Nanga mwana wanu?" anafunsa Lufina.

"Azikafunsa nthawi kwa Sellinayo, amayi ake aang'ono atsopanowo," anayankha Silvester. "Vulani msanga, mungaidetse."