Lamba Womasuka Yekha

Mwana wanga anadzanditenga kuchipatala kutada kale. Ndimapita kumeneko kukawongoletsa mwendo womwe unathyoka pangozi imene inapha bambo ake. Iwo sankamanga lamba, ine ndinamanga. Iwo ali kumanda, ine ndikuyendera ndodo.

Nditakhala m'galimoto ndinaona kuti nayenso sanamange.

"Manga lamba, iwe."

"Amayi, si pafupi pompa?"

"Ankatero bambo ako. Manga ndisanakukwapule ndi ndodoyi!"

Anamanga akung'ung'udza. Titayenda pang'ono ndinangomva kuti khethe, lamba wanga wamasuka. Ndinamanganso. Khethe, wamasukanso.

"Ukusewera ndi ndani?" ndinamukalipira. Koma manja ake onse anali pachiwongolero, maso ali pagalasi loonera kumbuyo.

"Amayi, mwanyamula jekete ya ababa? Muno mukununkha fodya wawo."

Sindinatembenuke. Ndinamanga kachitatu n'kuphimba chomangira lambacho ndi manja awiri.

"Munapita nokha ndi makani anuwo," ndinatero mokweza. "Ine sindikubwera. Ndisiyeni!"

Mwana wanga anaponda buleki, koma liwiro silinatsike. Pansi pa manja anga, chala china chozizira chinayamba kufufuza batani.