Makina Sasuntha

"Tasunthani makinawa pang'ono, alamu, bwanawa ayeze khoma."

Mayi wosoka zovala uja sanachotse phazi pachopondera. Pakhomo panaima mng'ono wa malemu mwamuna wake, pamodzi ndi bambo wa nsapato zonyezimira amene anabwera kudzagula tizipinda tiwirito, pamwamba pa sitolo yakalekale yoyang'ana kumsika.

"Kanyumbaka n'kakang'ono, koma makoma amakedzana ndi olimba," anatero wogulayo akugogoda khoma. "Kali ndi vuto lililonse?"

"Funsani akugulitsawo, amakadziwa bwino," anayankha mayiyo. "Akuuzeni sitepe imene imaterera mvula ikagwa, poti ndi iwo ankabereka mkulu wawo kumsana popita naye kuchipatala."

Mlamuyo anayang'ana pansi. Miyezi isanu ndi itatu ya matenda aja, sanapondeko masitepewo ngakhale kamodzi.

"Alamu, tinakambirana kale. Ichi n'chuma cha banja."

"Munakambirana nokhanokha. Ine misozi inali isanaume."

Anadula ulusi ndi mano, naimirira, n'kumuyang'ana wogulayo m'maso.

"Bambo, gulani ndithu, sindikukuletsani. Koma dziwani kuti mukugula pamodzi ndi ine. Ndimalawirira m'mamawa, makinawa amasokosa, ndipo kwathu sitifa msanga."

Wogulayo anakulunga tepi yake pang'onopang'ono, naiika m'thumba.

"Simunandiuze kuti muno muli munthu," anauza mlamuyo, n'kuyamba kutsika.

Mayiyo anakhalanso pampando kuti alowetse ulusi wina pasingano. Anaphonya kawiri, kachitatu unalowa.