Mphemvu za Malemu Siziuluka

Mdima utagwa, mayi wina anatola makoko a nthochi kuti akadyetse mphemvu zimene malemu mwamuna wake ankaweta m'bokosi lagalasi. Miyendo inali itamulemera ndi ntchito ya tsiku lonse.

"Amayi, zisiyeni," anatero mwana wake wamkazi. "Si mawa abambo aang'ono akubwera kudzazitenga?"

"Zichoke zitakhuta, mwanawe. Ine ndatopa nazo."

Bokosilo linalibe chivundikiro. Malemuyo ankangopaka mafuta m'mphepete kuti zisakwere, n'kumaseka: "Mtundu uwu mapiko ndi okongoletsa chabe." Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo, panalibe imene inaulukapo.

Mayiyo atakankha chitseko cha kachipinda kakuseri komwe kunali bokosilo, anamva mapiko kuti phaphapha. Anayatsa tochi. M'bokosi munalibe ngakhale imodzi, ndipo mafuta aja anali osakhudzidwa.

Zonse zinkazungulira pamwamba pa mpando wa malemu. Kenako zinayamba kutera imodziimodzi, osati pampandopo, koma m'malere, popanda kanthu. Apa panaoneka phewa, apa mkono wotambasula, monga mmene malemuyo ankazinyamulira.

Mkonowo unatembenuka pang'onopang'ono, chikhatho m'mwamba, kudikira makoko.